Alamu Anga a Bechan ndi Tsidya la Abulu

Alamu anga a Bechan anali munthu woti ukawauza kuti tiyeni tiwoloke mtsinje tikadye ukwati, mutu unkayamba kuwapweteka pompo. Mutu ukakanika kuwapulumutsa, ankadwala m'mimba. Tameta nawo anthu pa masitepe a mtsinje wa Ganga kuno mumzinda wa Kashi kuyambira ndili kamnyamata kopanda ndevu mpaka mano atayamba kundithawa, iwo pansi pa ambulera yawo ya nsungwi, ine pansi pa yanga, koma zaka zonsezo phazi lawo silinapondepo tsidya lija. Tsidya lakenso si lakutali ayi. Ukaima pamalo pathu pometera umatha kuona munthu akuchapa, n'kudziwa kuti nsalu yake ndi yofiira.

Chifukwa chake ngakhale mwana amachidziwa kuno. Ukafera tsidya lino, mkati mwa Kashi, Ambuye Shiva, mulungu wathu, amakunong'oneza m'khutu, basi wamasuka, sudzabadwanso. N'chifukwa chake nkhalamba zimabwera kuchokera kutali ndi timitolo tawo kudzadikira imfa m'tizipinda ta lendi. Koma ukafera tsidya linalo, akuluakulu amati umabadwanso bulu. Ambirife nkhaniyi timangoinena poseka, kenako n'kukwera bwato kupita komweko kukagula mavwende. A Bechan sankaseka nawo.

Iwo si mbadwa ya kuno. Anabwera ali mnyamata kuchokera kumudzi wina wa kum'mawa, akuperekeza bambo awo amene ankafuna kudzasamba mu Ganga ndi kudzafera kuno. Mdalayo anagulitsa njati yake yoweta, anatsanzika mudzi wonse, napirira m'sitima akutsokomola njira yonse. Ndiye taonani tsoka lake: sitima inaima pafupi ndi mlatho kudikira inzake kuti idutse, nsonga za akachisi zikuoneka bwinobwino pawindo, mdala uja n'kutsirizikira pomwepo, tsidya lolakwika. Sitima itanyamuka inangowolotsa mtembo. Powotcha malirowo, munthu wina wa pakamwa posatseka anamuuza mnyamata uja za abulu, ngati kuti anali atafunsidwa.

A Bechan kumudzi sanabwererenso. Lumo ndi ntchito ya mtundu wathu, ndiye anapempha kamalo pa masitepe n'kuyamba kumeta. Bambo anga anawakonda chifukwa cha dzanja lawo lopepuka, dzanja loti limameta khanda osalidzutsa, ndipo anawapatsa achemwali anga a Phulmati. Ine ndinapeza mlamu wondiseketsa moyo wanga wonse popanda kulipira.

Bulu aliyense wa anthu ochapa zovala ankalandira ulemu wa kholo. Akakumana naye m'kanjira kopanikiza, a Bechan ankapatuka, n'kumusiyira njira ali zyolii. Tsiku lokumbukira imfa ya bambo awo likakwana, ankagula jalebi wotentha, chotsekemera chathu chokazinga, manyuchi ali chuchuchu, n'kukapatsa bulu wina wokalamba wong'ambika khutu, ati kayang'anidwe kake n'ka malemu. Bulu ameneyo atafa anasankha wina. Ine nditawafunsa kuti kodi bambo anuwo akhala akubadwa kangati, sanandiyankhule mpaka dzuwa kulowa.

Pa ntchito, ndisaname, panalibe wowaposa. Alendo odzasamba akatsika m'mawa m'magulumagulu, ena oyankhula zinenero zoti sitimva ngakhale moni, ena atanyamula phulusa la makolo awo m'kamphika, ankadumpha ambulera yanga n'kukafola pa a Bechan. Ankanyowetsa mutu ndi madzi a mumtsinje, kunola lumo pachikhatho, kenako tsitsi lonse pansi, n'kusiya katsumba pankhongo monga mwa mwambo. Vuto linali lakuti lumo linkayendera limodzi ndi ulaliki. Munthu ali chowerama, sangathawe, iwo n'kumamufunsa kumene wagona, ngati mtima wake umagunda bwino, ngati anadwalapo chizungulire. Akamva kuti mlendoyo akufuna kukwera bwato kukaona dzuwa likutuluka, ankamuuza kuti akauze wopalasayo asapitirire pakati pa mtsinje, chifukwa imfa siiomba m'manja ikamabwera. Sukhu, mnzathu wopalasa bwato amene amakocheza pamunsi pathu, anakangana nawo kosawerengeka kuti akumuthawitsira anthu. Koma m'mawa uliwonse a Bechan posamba ankagwira unyolo wa bwato la Sukhu yemweyo, madzi ali m'mawondo, poopa kuti angawakokere tsidya.

Achemwali anga anali munthu wina. Thupi lalikulu, mawu oti akaitana mwana kumtunda amayankha wa kumunsi. Ankawoloka nthawi iliyonse imene afuna, kukagula masamba otchipa, kukaonerera zisudzo za pachaka, mwina kungopita chifukwa amuna awo anena kuti asapite. Masana alionse ankatsika masitepe ndi chakudya m'timbale tosanjikiza, n'kukhala pambali pa amuna awo, akuwachotsa tsitsi la eni pamapewa, uku akuwakalipira. Ankati anakwatiwa ndi munthu amene amayembekezera imfa ngati mmene mayi wapakati amayembekezerera mwana, kusiyana kwake n'kwakuti wapakati amachira. A Bechan ankangotafuna chapati chawo ali phee, n'kunena kuti adzaseke bwino akadzamera makutu aatali. Ndiye achemwali ankayankha kuti makutu aataliwo adzawathandiza kumva amuna awo, poti amayankhula ngati udzudzu. Tsiku lililonse zinali zomwezo, ndipo tsiku limene achemwali achedwa ndi chakudya, a Bechan ankangocheukacheuka kumtunda mpaka kutsala pang'ono kudula khutu la mlendo.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Gulabi. Mulungu ndi wanthabwala, abale. Mwa anyamata onse a mtundu wathu, amene anaoneka wabwino, wosamwa, wokhala ndi kasitolo kometera ka mpando weniweni ndi galasi lalikulu, anali wa tsidya lija. A Bechan anakana kwa miyezi, achemwali anawasala chakudya chokoma, mapeto ake ukwati unachitika. Mwayi wawo unali wakuti ukwati umachitikira kwa mkazi. Potsanzikana, anthu onse akulira, iwo anamukokera mwana pambali n'kumuuza kuti ngakhale atangomva chimfine, asadikire, akwere bwato abwere kwawo.

Gulabi atakhala ndi pakati, anayenera kudzachilira kwa mayi ake monga timachitira. Koma chaka chimenecho Ganga anakwiya. Masitepe onse anamira, maambulera athu tinawakweza padenga, tinkametera m'tinjira ta kumtunda pakati pa ng'ombe ndi ogulitsa maluwa. Madzi analowa mpaka m'nyumba mwa a Bechan, mabwato analetsedwa kuyenda. Ndiye achemwali anamanga kamtolo, n'kukwera njinga ya matayala atatu kuzungulira kumlatho, kupita kukadwazika mwana wawo. Kunabadwa kamtsikana. Tinagawa zotsekemera kanjira konse, ndipo a Bechan anameta anthu ulere tsiku limenelo, zimene sindinazionepo.

Sipanapite nthawi, mkamwini wawo anatipeza tikumeta, nkhope ili mbuu. Anati amayi agwa akuyanika matewera, mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papindika. Dokotala wabwera, wanena kuti asasunthidwe, msewu wa kumlatho ndi wa maenje okhaokha, akhoza kutsirizikira panjira.

Lumo linagwa m'manja mwa a Bechan. Munthu amene ankamumeta anakhala ndi mutu wa theka, ndinachita kumumalizitsa ine.

Mawu awo oyamba anali akuti akawatenge. Pa njinga, pa machira, kumsana, mulimonse, bola awoloke akadali ndi mpweya. Akafera pamlatho, afere chakuno kwa pakati. Anandituma ine, poti ndi achemwali anga. Ndinapita, ndinawapeza atagona pa bedi la zingwe, kakhanda kali pambali. Mtima wanga unasweka kuona munthu wamphamvu uja akulephera kugwira kapu. Koma lilime, ha, lilime linali lamoyo. Nditafotokoza uthenga uja, anandiyang'ana ndi diso limodzi lija logwira ntchito.

"Mangru, ukawauze alamu akowo kuti ine si thumba la mpunga. Wofuna kundiona abwere."

Ndinakanena. A Bechan anandibwezanso ndi uthenga wakuti asachite makani, nkhaniyi si ya masewera. Achemwali anandibweza ndi wakuti masewera anayamba ndi iwo. Ndinayenda pamlatho paja mpaka opalasa njinga anayamba kundipatsa moni ngati m'bale wawo. Ndinatopa, ndinapsa mtima, ndipo tsiku lina ndinawalalatira alamu anga pamaso pa anthu, kuti mkazi wawo akufa uku iwo akusunga khungu lawo ngati ndi la golide. Nditawayang'anitsitsa, ndinadziwa kuti munthuyu sakudya, sakugona. Ankaopa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mkazi wawo afera kolakwika, ndi kuti iwo akawoloka, mtima wawo wokalambawo uwachita zimene sitima inachita bambo awo. Mantha a munthu mnzako amaseketsa ukakhala kutali. Ukawayandikira amamvetsa chisoni.

M'mawa mwake anapita kwa a Chaube, wansembe amene amakhala pa thabwa lake lolandirira alendo pafupi nafe, kukafunsa kuti kodi dothi la ku Kashi ukalinyamula n'kupita nalo kwina, limakhalabe Kashi? A Chaube ndi munthu woti sanayankhepo funso ndi mawu amodzi chibadwire. Anati mbali ina inde, pakuti dothi ndi thupi la mzinda, koma mbali ina ayi, pakuti tsitsi likametedwa silikhalanso mutu. A Bechan anamva mbali yoyamba yokha, yachiwiriyo inapita ndi mphepo.

Ndinawapeza pansi pa mkuyu wa pabwalo la kachisi wathu akukumba ndi chikombe. Anadzaza dothi m'thumba la ufa. Kenako anandipempha nsapato zanga zotseka, zimene ndinagulira ukwati wa Gulabi, poti iwo moyo wawo wonse ankavala patapata. Anathiramo dothi lonyowa, n'kulowetsamo mapazi, n'kumanga zingwe mpaka misempha kutupa. Anati ngati imfa iwapeze tsidya, iwapeza ataponda Kashi. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, ndiye ndinangodandaula za nsapato zanga.

Ulendo wa pamlatho sindidzauiwala. Anakhala pa njinga thumba lili pamiyendo, maso ali tsinzinu, dzina la Shiva lili pakamwa, dzanja lina litandigwira pantchafu moti chipsera cha zala chinakhala masiku. Pang'ono ndi pang'ono ankafunsa ngati tafika pakati. Wopalasa njinga anacheuka n'kundifunsa kuti kodi wodwalayo ndi ameneyu, bwanji tikumuchotsa ku Kashi m'malo mopita naye. Titatsika, a Bechan sankanyamula mapazi, ankangowakhwekhwereza kuti dothi lisatayike, ana a m'mudzimo ali pambuyo kuwatsanzira.

Atalowa m'chipinda, anaima pakhomo ngati mlendo. Achemwali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zija, matope akutuluka m'mbali. Theka la pakamwa pawo linayamba kugwedera, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. A Bechan anagwada, anamasula thumba, n'kuyamba kumwaza dothi pansi pambali pa bedi, akulisalaza ndi chikhatho. Mwambo wathu ndi wakuti munthu akamatsirizika timamutsitsa pabedi kuti afere pansi, ndiye iwo anakonza kuti nthawiyo ikafika, mkazi wawo adzagone pa dothi la ku Kashi. Apongozi ake a Gulabi anangogwira pakamwa kuona matope m'nyumba ya khanda, koma mlendo wochita kuwoloka koyamba sungamukalipire.

"Bambo a Gulabi," anatero achemwali, mawu akutuluka mokoka, "mwabwera kudzandiona, kapena kudzandidzala?"

A Bechan anati abwera kudzachita zonse ziwiri. Kenako anagwira dzanja lakufa lija n'kuliika pamphumi pawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatuluka kukaona mbuzi za eni.

Anakhala komweko. Nsapato zija sankavula, usana ndi usiku, ngakhale posamba ankangotsuka kuyambira m'mawondo kupita kumtunda. Dothi linauma, linayamba kuwadya mapazi, ankayenda motsimphina, ndipo fungo lake, abale inu, ntchentche zinkachita kuchokera kutali. Koma kudwazika kokha anadwazika. Ankawamwetsa phala la mphodza ndi kasupuni, ankawawenga zikhadabo, ankawapesa tsitsi ndi dzanja lopepuka lija n'kulipaka mafuta. Mdzukulu wawo anamunyamula koyamba atakhala pansi, poopa kumugwetsa. Achemwali anayamba kupezako bwino pang'ono, mawu anabwerera, kukalipa kunabwereranso, ndipo tonse tinasangalala kumva a Bechan akutukwanidwa chifukwa chothira mchere wambiri. Madzi atayamba kuphwa, iwo anapangana ndi Sukhu kuti mabwato akangololedwa, abwere ndi bwato lalikulu loyalamo matiresi. Achemwali anavomera, koma anati adikire kaye mwana apatsidwe dzina.

Ine ndinkawoloka ndikaweruka. Tsiku lina ndinafika masana dzuwa litapendeka, kunja kuli zii, Gulabi ali kumpopi ndi mwana kumsana. Pakhomo pa chipinda chija ndinaona nsapato zanga, zitaikidwa bwinobwino pambali, dothi louma likuoneka mkati.

Ndinasuzumira. A Bechan anali pabedi, atatsamira khoma, mapazi a zilonda ali pamtunda, achemwali atagona pachifuwa pawo ngati mwana. Achemwali sankapumanso. Dothi lija linali pansi pomwepo, losalazidwa bwino, lopanda ndi chidindo chomwe.

Zimene zinachitika anandiuza mawa lake, tili tsidya lino, ndikuwameta mutu kuti akayatse moto wa maliro. Munthu amene anameta mitu ya anamfedwa osawerengeka anakhala pansi pa ambulera yanga, atawerama, ndipo ndinaona koyamba kuti mutu wawo ndi waung'ono. Anati achemwali anadandaula kuti akuzizidwa, ngakhale kunali kotentha, n'kuwapempha kuti akwere pabedi awagwire. Iwo atati akwere, achemwali anati pabedi la mwana wawo sipakwera munthu ndi nsapato zonunkha ngati zimenezo. Ndiye anavula. Atawafungatira, anamva kapumidwe kakusintha. Wometa wa pa masitepe amakadziwa kapumidwe kameneko, takamva kambirimbiri. Anafuna kuwatsitsa msanga, dothi linali pompo, kungotambasula dzanja.

"Ndiye anandiuza kuti, musandisunthe, ndakhala bwino apa. Alamu, ndikanatani?"

Misozi inanditseka m'maso moti ndinawacheka pang'ono kuseri kwa khutu, ine amene sindicheka munthu.

Mtembo tinauwotchera kuno, phulusa tinalipereka kwa Ganga. Anthu anayesa kuwatonthoza. A Chaube, kwa nthawi yoyamba, anayankha ndi mbali imodzi yokha: anati kuwotchedwera ku Kashi n'kokwanira, ndipo mayi wa mtima ngati uja Shiva sangamusiye chifukwa cha mtsinje. Ena anati nkhani ya abulu ija ndi yongoopsezera ana. A Bechan ankathokoza aliyense mwaulemu. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akuuza alendo kuti chofunika ndi pamene wafera, osati pamene wawotchedwera, sungamusinthe ndi mawu a pamaliro.

Masiku a maliro atatha, ndinkayembekeza kuti abwerera pansi pa ambulera yawo. M'malo mwake anabwera ndi kabokosi kawo ka malumo ndi kamtolo ka zovala. Anandiuza kuti malo awo ndiwapatse amene ndingafune, n'kutsika kupita kwa Sukhu. Sukhu anaganiza kuti abwera kudzagwira unyolo monga mwa masiku onse. Atamva kuti akufuna awolotsedwe, anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana madzi. A Bechan anakhala kutsogolo kwa bwato, maso ali tong'o, patapata kumapazi.

Kuyambira pamenepo akhala tsidya. Mkamwini anawapatsa mpando m'kasitolo kake, iwo anakana, ati galasi limawachititsa manyazi. Amameta pansi pa mtengo pafupi ndi mchenga, ndipo makasitomala awo ndi alimi, ochapa zovala ndi abusa a njati, anthu oti ndevu zawo zimabunthitsa lumo. Ulaliki uja unatha. Kuno sabwera ngakhale pa zikondwerero zazikulu, ngakhale kudzasamba. Amasamba tsidya lomwelo, ati madzi ndi amodzimodzi. Anzathu a pa masitepe amaseka kuti kale tinkalephera kuwawolotsa kupita uko, lero tikulephera kuwawolotsa kubwera kuno, munthuyu anabadwira kuvutitsa opalasa bwato.

Nyengo yozizira yapitayi anayamba kutsokomola, chifuwa chenicheni cha nkhalamba, chochokera pansi. Gulabi anabwera yekha kudzandipempha akulira kuti ndikawanyengerere abwerere, poti iye sakumumvera. Anati sakufuna kuti anthu adzanene kuti bambo ake, amene anadikira kufera ku Kashi moyo wawo wonse, anafera m'nyumba mwake tsidya lolakwika. Ndinatenga Sukhu ndi bwato lalikulu, tinayalamo matiresi.

Tinawapeza pakhonde atafunda bulangeti, akuwotha dzuwa, mdzukulu wawo akuwamanga timaliboni m'katsitsi kotsala. Anaonda, makutu okha ndi amene anakula. Ndinayamba bwinobwino, kuwauza kuti chipinda ndakonza kwanga, pawindo pakuoneka mtsinje. Anati zikomo. Ndinawauza kuti a Chaube akuwafunsa. Anati ndikawapatse moni. Basi mtima unandikwera. Ndinawakumbutsa za bambo awo, za maukwati onse a abale amene anakana kukadya, za alendo amene anawaopseza, za mapazi anga amene anatha pamlatho. Ndinati mwavutitsa anthu zaka zonsezi kuti mudzafere ku Kashi, lero imfa yafika pakhomo, bwato lili apo, mukuti chiyani?

Anadikira chifuwa chidutse, n'kumuuza mwana uja kuti apite kwa mayi ake.

"Alamu, khalani pansi, mukuopseza nkhuku. Ngati nkhani ija ndi yabodza, palibe chimene ndataya. Koma ngati ndi yoona, achemwali anu ali kwinakwake akusenza mitolo ya zovala za eni, alibe ndi woti azimukalipira yemwe. Ndiye ine ndikamasuke ndekha? Ndikatani nako kumasukako?"

Sukhu anatembenuka n'kuyamba kumina ngati wagwidwa chimfine. Ine ndinakhala pansi monga anandiuzira. Ndinalira pamaso pa mlamu wanga ngati mwana, osachita manyazi. Iwo anandisisita pamsana, n'kunena kuti ndevu zanga zameteka moipa, kodi ndani akundimeta masiku ano.

Gulabi anabweretsa tiyi. Tinamwa. Kenako ine ndi Sukhu tinapinda matiresi aja n'kubwerera tokha.